Athanasius wa ku Alexandria: Bishopu Amene Anapirikitsidwa Kasanu Cifukwa ca Mau

Inu amene mukukonzekera nchito ya uphunzitsi mudzaona kuti ana a m'magiredi apamwamba a pulaimale amachera khutu kwambiri akamva mbiri ya munthu wochuka. Mbiri yolembedwa bwino imaphunzitsa mwana kusanja zocitika motsata zaka, ndiponso kuweruza mwacilungamo munthu amene sangadziyankhire yekha popeza anagona kale. Pano takusankhirani mbiri ya Athanasius, bishopu wa mzinda wa Alexandria m'dziko la Egypt, amene anamwalira m'caka ca 373. Taisankha cifukwa moyo wake unazungulira pa funso limene mphunzitsi wa ciyankhulo sangalizembe: kodi anthu awiri akasiyana mau, ndiye kuti asiyananso maganizo? Nanga akachula liu limodzimodzi, ndiye kuti agwirizana mumtima?

Ubwana wake

Athanasius anabadwa capakati pa zaka za 296 ndi 298. Alexandria unali mzinda wa doko m'mphepete mwa nyanja ya Mediterranean, wodzala ndi amalonda ndi anthu ophunzira, ndipo zombo zonyamula tirigu wa ku Egypt zinali kunyamukira pamenepo kukadyetsa mizinda ina ya ufumu wa Aroma. Mumzinda anthu anali kuyankhula Cigiriki, pamene kumidzi ya m'mbali mwa mtsinje wa Nile anali kuyankhula Cikoputiki.

Iye akali mwana, m'caka ca 303, mfumu Diocletian inayamba kuzunza Akristu koopsa, ndipo m'caka ca 311 Peter, bishopu wa mzindawo, anadulidwa mutu. Cizunzoco cinasiya cilonda mumpingo. Ena anakana cikhulupiriro cao poopa imfa, ndipo mtendere utabwera panabuka mkangano wa m'mene angawalandirirenso. Melitius, bishopu wa ku Lycopolis, anafuna kuti malamulo akhale olimba, nayamba kudzoza atsogoleri akeake. Musaiwale gulu la Melitius limeneli, pakuti linadzakhala minga pa njira ya Athanasius.

Wolemba mbiri wina, Rufinus, anasimba kuti tsiku lina bishopu Alexander anaona ana akusewera m'mbali mwa nyanja, wina akubatiza anzake ngati m'busa, ndipo mwanayo anali Athanasius. Nkhaniyi inalembedwa mwini wake atamwalira kale, motero muziisimba ngati nthano ya anthu omukonda. Cimene cili cotsimikizika ndi cakuti Alexander anamtenga mnyamatayo, namuika kukhala dikoni ndi mlembi wake.

Ciphunzitso ca Arius

Ca m'ma 318, wansembe wina wacikulire wocokera ku Libya, dzina lake Arius, anatsutsana ndi bishopu Alexander pa za Mwana wa Mulungu. Kuti muweruze bwino, yambani mwamva mbali yake. Arius anali kuopa kuti Akristu angagwe m'kupembedza milungu iwiri. Iye anaphunzitsa kuti Atate yekha ndiye alibe ciyambi, ndi kuti Mwana anakhalako mwa kufuna kwa Atate, nthawi ndi dziko zisanalengedwe. Kwa iye Mwana anali woposa zolengedwa zonse ndipo zonse zinalengedwa kudzera mwa iye, komabe sanali wamuyaya monga Atate. Otsata maganizo amenewa anali kutsamira pa ndime monga Miyambo 8:22 ndi Yohane 14:28. Arius analemba ciphunzitso cake mwa ndakatulo m'buku lochedwa Thalia, kotero kuti mkanganowo unatuluka m'nyumba zopemphereramo nufika m'misika ndi padoko.

Alexander ndi dikoni wake anaona ngozi ina. Ngati Mwana ndi wolengedwa, ndiye kuti Akristu pomupembedza apembedza colengedwa. Ndiponso colengedwa sicingayanjanitse zolengedwa zinzake ndi Mlengi, monga munthu womira sangavuule womira mnzake. Iwo anatsamira pa ciyambi ca Uthenga wa Yohane ndi pa Yohane 10:30. Athanasius ankakonda kufanizira Atate ndi Mwana ndi dzuwa ndi kuwala kwake, kapena kasupe ndi mtsinje wotuluka m'menemo: kuwala kucokera ku dzuwa, koma sipanakhale dzuwa lopanda kuwala.

Onani kuti mbali zonse ziwiri zinali kuwerenga Malembo amodzimodzi, ndipo zonse zinali kuchula Yesu kuti Mwana wa Mulungu. Cimene cinawagawa ndi tanthauzo la liu lakuti mwana.

Msonkhano wa ku Nicaea

M'caka ca 324 Constantine anagonjetsa Licinius nakhala mfumu ya ufumu wonse wa Aroma. Iye anafuna mpingo wogwirizana, ndipo poyamba anayesa kuti atsogoleriwo akukangana pa zinthu zazing'ono. Kalata yake yowayanjanitsa italephera, anaitanitsa mabishopu ku Nicaea, mzinda umene lero uchedwa Iznik m'dziko la Turkey. Anasonkhana m'caka ca 325, ndipo mwambo wa mpingo umati anali 318, ngakhale akatswiri a mbiri amawerengera ocepera pamenepo. Athanasius anapitako monga dikoni woperekeza bishopu wake.

Iye analemba pambuyo pake kuti mabishopu anayamba ayesa kugwiritsa nchito mau a m'Malembo okhaokha, koma liu lililonse limene anachula, a mbali ya Arius analilandira mwa tanthauzo laolao. Tsono anasankha liu la Cigiriki limene mulibe m'Baibulo, lakuti homoousios. Homo atanthauza cimodzimodzi, ndipo ousia atanthauza cimene cinthu cili pa phata pake. Ndi liu limeneli anafuna kunena kuti umulungu wa Mwana ndi womwewo wa Atate. Mabishopu awiri a ku Libya, Secundus ndi Theonas, anakana kusaina, ndipo anapirikitsidwa pamodzi ndi Arius. Mfumu inalamulanso kuti mabuku a Arius atenthedwe.

Ambiri anasaina ndi mitima iwiri. Ena anadandaula kuti liulo si la m'Malembo. Ena anaona ngati lifanizira Mulungu ndi cinthu cogawika monga mtanda wa nsima. Enanso anaopa kuti litsegulira khomo ciphunzitso ca Sabellius, amene ankanenedwa kuti anaphunzitsa kuti Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera ndi maina atatu cabe a mmodzi yemweyo. Motero moto umene unaoneka ngati wazima unali kunyeka pansi pa phulusa.

Pa mpando wa ubishopu

Alexander anamwalira m'caka ca 328, ndipo pa 8 Juni caka comweco Athanasius anadzozedwa kukhala bishopu, ali ndi zaka pafupifupi 30. Adani ake ananena kuti anali wamng'ono ndi kuti cisankho sicinayende bwino. Constantine atalamula kuti Arius alandiridwenso mumpingo, bishopu watsopanoyo anakana. Pamenepo a gulu la Melitius anagwirizana ndi Eusebius, bishopu wa ku Nicomedia, amene anali ndi mau kunyumba ya mfumu.

Milandu imene anamuimba sinakhudze ciphunzitso. Anati wansembe wake Macarius anaswa cikho ca Mgonero ca munthu wina wochedwa Ischyras. Anatinso Athanasius anapha bishopu Arsenius namudula dzanja kuti acitire zamatsenga. Olemba mbiri ya mpingo amasimba kuti pa msonkhano wa ku Tyre m'caka ca 335 Athanasius anabweretsa Arsenius wamoyo, atafunda nsalu, naonetsa oweruza manja ake onse awiri. Ngakhale zinatero, msonkhanowo unamucotsa pa udindo. Iye anathamangira ku Constantinople kukadandaula kwa mfumu, koma kumeneko adani ake anamunenera kuti anaopseza kuletsa zombo za tirigu. Mfumu siseka ndi munthu wokhudza nkhokwe ya likulu lake, ndipo inamutumiza ku Trier, mzinda umene lero uli m'dziko la Germany. Arius anamwalira m'caka ca 336, Constantine m'caka ca 337, ndipo Athanasius anabwerera kwao.

Sanakhalitse. Constantius, mwana wa Constantine amene analamulira cigawo ca kum'mawa, anamvera adani ake, ndipo m'caka ca 339 munthu wina wa ku Cappadocia, Gregory, anaikidwa pa mpando wake. Athanasius anathawira ku Rome, kumene bishopu Julius anamulandira namuweruza kuti alibe mlandu. Msonkhano wa ku Serdica wa 343, umene unayenera kuyanjanitsa a kum'mawa ndi a kumadzulo, unapasuka mbali ziwirizo zisanakhale pamodzi. Anabwerera ku Alexandria m'caka ca 346, nakhala pa mtendere pafupifupi zaka khumi.

Nchito ina yaikulu ya ubishopu wake ikhudza Afirika yense. Iye ndiye anadzoza Frumentius kukhala bishopu woyamba wa ufumu wa Aksum, ndipo kuyambira pamenepo mpingo wa ku Ethiopia unalandira mabishopu ake kucokera ku Alexandria mpaka pakati pa zaka za m'ma 1900.

Kubisala m'cipululu

Constantius atakhala mfumu yekha, anakakamiza mabishopu a kumadzulo pa misonkhano ya ku Arles m'caka ca 353 ndi ku Milan m'caka ca 355 kuti atsutse Athanasius. Okana anapirikitsidwa. Mu Febuluwale 356, usiku, mkulu wa asilikali Syrianus anazinga chalichi ca Theonas anthu ali pa mapemphero. Monga anasimbira mwini wake, Athanasius analamula dikoni kuti awerenge salimo, nauza anthu kuti ayambe atuluka iwo, ndipo m'cipwirikitimo ansembe ndi amonke anamukoka namutulutsa asilikali osamuzindikira.

Kwa zaka zisanu ndi cimodzi anabisala, nthawi zambiri pakati pa amonke a m'cipululu ca Egypt, ndipo akazitape a mfumu analephera kumugwira. M'nyengo imeneyi analemba kwambiri. Analemba mbiri ya Antony, mmonke wochuka amene anamwalira m'caka ca 356, buku limene linamasuliridwa m'Cilatini nilikopa anthu ambiri ku moyo wa umonke. Analembanso makalata kwa bishopu Serapion osonyeza kuti Mzimu Woyera nayenso si wolengedwa.

Mau anai

Pa zaka zimenezo atsogoleri a mpingo anagawika potsata mau anai a Cigiriki. A Nicaea anagwiritsa homoousios. Gulu la Basil wa ku Ancyra linakonda homoiousios, kutanthauza kuti Mwana afanana ndi Atate pa phata. Gulu lacitatu linati homoios, ndiye kuti wofanana cabe, osakhudza za phata. Lacinai, la Aetius ndi Eunomius, linkachedwa ndi liu lakuti anomoios, pakuti linaphunzitsa kuti phata la Mwana ndi losiyana ndi la Atate. Pa misonkhano ya ku Ariminum ndi Seleucia m'caka ca 359, ndi ku Constantinople m'caka ca 360, mfumu inakhazikitsa liu lacitatulo, ndipo liu lakuti ousia linaletsedwa.

Mukayang'ana mau awiri oyambawo muona kuti asiyana lemba limodzi lokha. Anthu ena akhala akuseka kuti Akristu anamenyana cifukwa ca kalemba kamodzi. Inu aphunzitsi a Cinyanja simungaseke nao, pakuti mudziwa kutalikirana kwa kola ndi khola, kapena pala ndi phala. Kunena kuti zinthu ziwiri zifanana ndi kunena kuti ndi cimodzi ndi nkhani ziwiri. Komatu Athanasius, amene ambiri amamudziwa ngati munthu wouma mutu, analemba m'caka ca 359 kuti a gulu la Basil ayenera kuyesedwa abale, popeza anali kuvomereza kuti Mwana acokera m'phata la Atate ndipo si wolengedwa, ndipo cowavuta cinali liu lokha.

Msonkhano wa 362

Constantius anamwalira m'caka ca 361. Julian, amene anamulowa m'malo, anali atasiya Cikristu, ndipo analola mabishopu onse opirikitsidwa kubwerera kwao. Athanasius atafika mu Febuluwale 362 anaitanitsa msonkhano waung'ono ku Alexandria, umene uli phunziro lalikulu kwa ife m'mbiri yonseyi.

Vuto linali liu lina, lakuti hypostasis. Akristu ena a kum'mawa ankati mwa Mulungu muli hypostasis zitatu, pamene ena ankati ili imodzi. Ku Nicaea liuli linagwiritsidwa nchito ngati lofanana ndi ousia. Cinaonjezera cisokonezo ndi kumasulira, pakuti liu la Cilatini loyang'anizana nalo ndi substantia, ndipo olankhula Cilatini, kutsata Tertullian wa ku Carthage, anazolowera kunena za substantia imodzi ndi persona zitatu. Tsono iwo pomva za hypostasis zitatu anamva ngati milungu itatu, pamene Agiriki ena pomva za imodzi anamva fungo la Sabellius.

Msonkhanowo unafunsa mbali iliyonse kuti ifotokoze cimene itanthauza. Onena zitatu anafunsidwa ngati akhulupirira milungu itatu, ndipo anakana, nafotokoza kuti afuna kusonyeza kuti Atate, Mwana ndi Mzimu alipodi, si maina cabe. Onena imodzi anafunsidwa ngati atsata Sabellius, ndipo anakana, nafotokoza kuti afuna kusonyeza umulungu umodzi. Mbali iliyonse itamva inzake, inavomereza kuti cikhulupiriro ndi cimodzi. Kalata inatumizidwa ku Antioch, kumene mpingo unali wogawanika, yolangiza kuti asakanganenso pa mau amenewa. Kalatayo sinathetse magawano a ku Antioch, koma inalambula njira imene Basil wa ku Caesarea, Gregory wa ku Nazianzus ndi Gregory wa ku Nyssa anadzayendamo polekanitsa mau awiriwo: ousia imodzi, hypostasis zitatu.

Zaka zotsiriza

Julian ataona kuti mpingo ukulimba m'malo mopasuka, anapirikitsa Athanasius kacinai m'caka comweco ca 362. Mfumuyo inafera ku nkhondo ya ku Persia m'caka ca 363, ndipo Jovian anam'bwezera pa mpando. Valens anamucotsa kacisanu m'caka ca 365, koma poopa cipolowe mumzinda anamulola kubwerera mu Febuluwale 366. M'kalata yake ya Pasaka ya 367 Athanasius anandandalika mabuku 27 a Cipangano Catsopano, ndipo umenewu ndiwo mndandanda wakale koposa umene ulingana ndendende ndi mabuku amene ali m'Baibulo lero. Anamwalira pa 2 Meyi 373, atakhala bishopu zaka 45, ndipo pafupifupi zaka 17 mwa zimenezo anali kunja kwa mpando wake. Patapita zaka zisanu ndi zitatu, m'caka ca 381, msonkhano wa ku Constantinople unatsimikiza ciphunzitso ca ku Nicaea nuonjezera mau a za Mzimu Woyera. Cikhulupiriro cimeneco ndico cimanenedwa m'mipingo yambiri mpaka lero. Cina cochedwa ca Athanasius sicinalembedwe ndi iye, pakuti cinalembedwa m'Cilatini iye atamwalira kale.

Kumuweruza mwacilungamo

Wolemba mbiri sabisa zipsera. M'caka ca 1924 kunasindikizidwa kalata yakale ya pa gumbwa yopezeka ku Egypt, yolembedwa ndi munthu wa gulu la Melitius, yosimba m'mene otsatira Athanasius anamenyera ndi kutsekera anzao a gulu limenelo ca m'ma 335. Izi zisonyeza kuti milandu ya nkhanza sinali yopeka yonse. Ndiponso iye anali ndi cizolowezi cocha onse otsutsana naye kuti otsata Arius, ngakhale mabishopu osonkhana ku Antioch m'caka ca 341 anakana poyera kuti iwo satsata wansembeyo. Za Arius mwini zatsala makalata atatu ndi zidutswa za ndakatulo yake, ndipo zambiri tizidziwa kudzera mwa adani ake. Pa bwalo la kumudzi mlandu sugamulidwa pomva mbali imodzi, ndipo bwalo la mbiri liyenera kutero.

Lingaliraninso liu lakuti mpatuko. Liu la Cigiriki limene limamasuliridwa motero ndi hairesis, ndipo poyamba linatanthauza kusankha, kenaka gulu la anthu otsata ciphunzitso cimodzi, popanda citonzo. M'buku la Macitidwe a Atumwi linagwiritsidwa nchito pochula Asaduki, Afarisi, ngakhalenso Akristu. Pambuyo pake linasanduka dzina la ciphunzitso cokanidwa ndi mpingo. Liu lathu licokera ku kupatuka, ndipo munthu sapatuka popanda njira imene ena aiyesa yaikulu. M'masiku a Athanasius amene anali kuchedwa wampatuko anasintha kangapo potsata mfumu yokhala pa mpando, ndipo iye anazunzika pokana kuti coonadi cisinthe pamodzi ndi mafumu.

Zimene mungatengepo popita m'kalasi

M'kalasi mwanu mudzakhala ana a mipingo yokhulupirira Utatu Woyera, ana a Mboni za Yehova amene salandira ciphunzitso cimeneci, ndipo m'madera ena ana a Cisilamu. Pa phunziro la Cinyanja simuli woweruza wa cikhulupiriro ca makolo ao. Simbani mbiriyi mwa njira yakuti mwana aliyense athe kufotokoza molondola cimene Arius anaopa ndi cimene Athanasius anaopa, ndipo musalole liu lakuti wampatuko kukhala dzina lonyozera mnzake pa bwalo la masewera.

Pa ciyankhulo, mbiriyi ikupatsani zitsanzo zitatu zoti muyeserere ndi ana. Coyamba ndi mau osiyana lemba limodzi, monga tumba ndi thumba. Caciwiri ndi liu limodzi la matanthauzo awiri, monga mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika. Cacitatu ndi mau awiri ochula cinthu cimodzi, monga mtedza ndi nshawa, amene ana ocokera m'madera osiyana amatha kukanganirana osadziwa kuti anena mbeu imodzi. Inu nokha pakati panu yesani kumasulira liu la Cilatini lija lakuti persona. Mukati munthu, womvera aona anthu atatu atakhala pa mphasa. Mukati dzina, mwafika kwa Sabellius. Pamenepo mudzamvetsa thukuta la omasulira mabuku a cipembedzo m'ziyankhulo zathu.

Koposa zonse, zolowezani ana njira ya msonkhano wa 362. Awiri akakangana pa liu, aliyense ayambe wafotokoza tanthauzo lake ndi mau ena, mnzake abwereze cimene wamva, ndipo pokhapo kalasi iweruze ngati asiyana maganizo kapena mau okha. Nthawi zina mudzapeza kuti asiyanadi, monga Arius ndi Athanasius. Nthawi zina mudzapeza kuti anali kunena cinthu cimodzi. Mwana wozolowera kufunsa asanaweruze adzagwiritsa nchito luso limenelo pa bwalo la milandu, pa msonkhano wa mudzi ndi m'banja lake lomwe.